Masiku Awiri Opanda Denga

3 Okutobala

Mlongo wanga Chibaluni,

Ndikhulupirira uli bwino mumzindamo ndipo mabaluni a ku ofesi ya zanyengo akuulukabe. Kuno tilipo. Amayi ali monga unawasiyira, dzanja ndi mwendo wa kumanja sizinadzukebe. Kudya ndimawadyetsa, kusamba ndimawasambitsa, koma makutu awo ndi akuthwa kuposa athu tonse. Bambo akuphunzitsabe Fizikisi ngakhale sukulu inawapumitsa kalekale. M'kalasi mwawo tatsalamo awiri, ine ndi mphaka, ndipo mphaka amajomba.

Fomu ija yafika, zikomo. Ndaiwerenga katatu. Akufuna oyeza nyengo atsopano osakwana zaka makumi atatu, intaviyu pa 24 Novembala ku ofesi kwanuko. Iwe ukudziwa kuti mu Januwale ndikwanitsa makumi atatu. Ndiye basi iyi ndi yomaliza, ikandisiya ndatsala.

Nditawauza bambo anavula magalasi n'kufunsa kuti, "Nanga amayi ako?" Funso lomweli anandifunsa chaka chimene dzina langa linatuluka ku koleji, amayi atangogwa kumene. Nthawi imeneyo yankho ndinalibe. Patapita zaka zitatu linatuluka dzina lako, ndipo sindikumbuka kuti wina anakufunsa kanthu. Sindikukuyamba, ndikungonena.

Ulendo uno yankho ndili nalo. Azakhali avomera kudzakhala ndi amayi, koma anena chimodzi: "Ine m'nyumba yodontha sindigona, mwanawe, mafupa awa ndi akale." Denga lathu ukulidziwa. Mvula ikayamba timayala mabeseni asanu ndi awiri, ndipo lalikulu limakhala pabedi, kumiyendo kwa amayi. Malata atsopano afika kumayambiriro kwa Novembala. Kalipentala anakwera dzulo, akuti matabwa anadyedwa ndi chiswe. Afunika kusasula zonse, nyumba ikhale pamtetete masiku awiri athunthu.

Ndiye funso langa ndi ili, iwe wodyera mbale imodzi ndi mitambo: pakati pa 8 ndi 20 Novembala, ndi masiku awiri ati amene mvula sigwa? Usandilembere ngati wailesi, zija za "mwina m'madera ena". Dera lake ndi nyumba ino. Foni ya ku positi inafa mu Juni ndipo palibe akuilira, choncho lemba.

Undiuzenso ngati chifuwa chija chinatha.

Ine mlongo wako

11 Okutobala

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa bambo ndi kwa amayi. Chifuwa chinatha. Amayi muwauze kuti bulangete lija ndikufunda. Mwendo wawo ukutupabe?

Funso lanu landisowetsa mtendere. Mukukumbukira mwala uja bambo anauika pamwamba pa khoma la njerwa zosaotcha kuseri kwa khitchini? Anatiimika padzuwa n'kufunsa kuti, "Mwala uwu sukuyenda. Uli ndi mphamvu kapena ulibe?" Ine ndinati ulibe. Inu munati uli nayo, koma yosungika, ikudikira kuti wina aukankhe. Bambo anati mphamvuyo ili m'kusiyana kwa pamwamba ndi pansi, khoma likatalika nayonso ikula. Analamula kuti wina asadzauchotse, ndipo ndikhulupirira ulipobe.

Ntchito yanga ndi mwala womwewo, koma mozondoka. M'mawa uliwonse timaulutsa baluni itanyamula kabokosi koyeza kutentha ndi chinyezi pamene ikukwera. Mpweya wotentha, wachinyezi wa pansi pano umafuna kukwera, monga mwala umafuna kutsika. Ife timawerengera mphamvu imene mpweyawo ungakwere nayo chitapezeka choukankha. Nambala ikakhala pansi pa 1,000, ngakhale kugwe mvula imakhala mvula wamba. Ikapitirira 2,500, ndiye mkuntho wa mphezi ndi matalala. Koma nambalayo imangonena kukula kwa mkuntho ukabwera. Sinena kuti ubwera. Mwala ukhoza kukhala pakhoma zaka makumi awiri.

Chinanso, nambala yathu imakhala ndi moyo tsiku limodzi, pamene kalata imayenda masiku anayi. Baluni timaulutsira kuno, osati pabwalo panu. Ndipo abwana athu amati, "Pano sitinena inde, sitinena ayi. Wonena inde amakafotokoza yekha kwa akuluakulu." Zaka zinayi ndili pano, lilime langa lazolowera. Ngakhale mayi wogulitsa nthochi pageti akandifunsa ngati atenge ambulera, ndimapezeka ndayankha kuti zitengera.

Malata akafika mundiuze, ndidzaona mmene kulili. Intaviyu musaiope. Theka la anthu amene ndimagwira nawo ntchito sangayankhe funso la mwala lija, ndipo masamu amene anandilowetsa pano munandikhomerera m'mutu ndinu.

Ine mlongo wanu

27 Okutobala

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni. Amayi ako alipo, ine ndilipo. Ndikufuna kumva ngati ukudya mokwanira ndiponso ngati ukuwerengabe.

Kalata imene unalembera mlongo wako ndaiona. Kafotokozedwe kako ka mphamvu yosungika n'kabwino, ndakupatsa 8 pa 10. Imodzi ndachotsa chifukwa sunalembe muyeso wa manambala ako. Nambala yopanda muyeso ndi mphekesera. Inayo ndachotsa chifukwa watchula mphezi osanena kuti nayonso ndi nkhani yomweyo, kusiyana kwa magetsi a mumtambo ndi a pansi. Ndinakuphunzitsa zimenezi.

Tsono tamva. Za inde ndi ayi uwasiyire amene sanaphunzire. Ine unditumizire manambala enieni a baluni, a masiku asanu ndi awiri otsatizana, ndi china chilichonse chimene waona kumwambako. Kuwerenga ndiwerenga ndekha. Ndaphunzitsa phunziroli zaka makumi atatu ndi zinayi, sindingasowe masiku awiri pa kalendala.

Mlongo wako akuyenda m'nyumba muno ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwala sutaya kanthu podikira pakhoma, mphamvu yake imakhala yomweyo. Iye anangotuluka ine ndili mkati molankhula, khalidwe limene sanalitenge kwa ine.

Ine bambo ako

4 Novembala

Bambo,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu ndi malikisi. Ndikudya, ndikuwerenga. Amayi akupirira bwanji kutenthaku?

Manambala ndi awa, muyeso wake ndi majulo pa kilogalamu imodzi ya mpweya. Kuyambira pa 29 Okutobala kufika lero: 900, 1,300, 1,700, 2,100, 2,300, 2,600, 2,800.

Ngakhale akukwera chotere, masiku onsewa sikunagwe dontho. Chifukwa chake n'chakuti makilomita awiri kumwambaku kwagona mpweya wina wotentha, wouma. Mpweya wa pansi ukakwera umakagunda pamenepo n'kubwerera. Kuno timangoti chivindikiro. Pakali pano chagwira zolimba.

Zotsalazo mukuzidziwa kuposa ine, munandiphunzitsa ndinu.

Ine mwana wanu

9 Novembala

Chibaluni,

Moni. Tilipo, malata afika dzana. Kwa iwe ndikufuna kumva chinthu chimodzi chokha.

Ine ndinakufunsa tsiku. Iwe wayankha bambo, ndipo wawayankha ndi manambala, ngati kupatsa chidakwa makiyi a bala. Kuyambira dzulo patebulo sitikudyerapo. Ayala pepala, ajambula mizere ndi rula, aitana kalipentala n'kumukhazika pampando ngati mwana wasukulu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake akungoti, "Eya aphunzitsi, zoona aphunzitsi," maso ali kukhomo.

Chigamulo chatuluka. Bambo akuti, "Chivindikiro chagwira masiku asanu ndi awiri, chilephera bwanji awiri? Mwala sugwa wokha." Tisasula pa 13, timaliza pa 14. Azakhali afika pa 16 kuti ndiwaonetse kanyamulidwe ka amayi ndi nthawi za mankhwala. Ine ndikwera basi pa 23. Diresi la intaviyu ndasoka kale, lapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo amayi amangoliyang'ana.

Maganizo anga ndili nawo, koma m'nyumba muno palibe wawafunsa. Wa satifiketi ndiwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mlongo wanga. Tisasule pa 13, inde kapena ayi? Lemba liwu limodzi, umupatse kondakitala wa basi ya m'mawa, positi ichedwa.

Ine mlongo wako

13 Novembala

Achemwali,

Moni mwachangu, kalata yanu ndailandira masana ano. Ayi. Musasasule. Ngati mwayamba kale, bwezerani malata akale, muwakhomere zolimba.

Lero baluni yapereka 3,400. Chivindikiro chapyapyala, ndipo mphepo yatembenuka, ikubweretsa chinyezi. Chivindikiro sichichepetsa mphamvu, chimaisunga. Masiku onse amene mvula sinagwe aja, khoma limangotalika. Ndipo chokankha mwalawo muli nacho pakhomo: phiri la kuseri kwa nyumba likatentha masana limakweza mpweya mokakamiza mpaka kuboola.

Izi ndinayenera kuwalembera bambo pa 4 paja. Ndinalemba, kenako ndinang'amba. Ndikanawauza bwanji zochita munthu amene amachongabe makalata anga? Ndinaganiza kuti aona okha.

Basi ya lero yapita kale, ndimupatsa kondakitala wa mawa m'mawa. Ifika chakumadzulo. Mundiyankhe pa basi yomweyo kuti amayi mwawaika pati.

Ine mlongo wanu

19 Novembala

Mwana wanga,

Moni. Ndikulembera kwa aneba, chifukwa tebulo lathu silinaume.

Ndikupatsa lipoti. Pa 13 tinasasula, ndipo kunawala tsiku lonse monga ndinawerengera. Pa 14 kalipentala anayala malata atsopano padenga la pabalaza, anawagwiritsa ndi misomali yowerengeka poyembekezera kumaliza madzulo, ndipo tinasamutsira bedi la amayi ako pamenepo. Nthawi ya 2 koloko masana pamwamba pa phiri panaima mtambo umodzi. Pofika 3:20 unali utatipeza ndi mphepo, matalala ndi mphezi. Malata asanu ndi limodzi anauluka. Mvula inagwa mphindi makumi asanu, yonse m'nyumba.

Amayi ako ali m'chipatala ndi chibayo. Mlongo wako akuwadikirira. Azakhali ako anafika pa 16, analowa pabalaza, anayang'ana kumwamba n'kuona mitambo, anabwerera ndi chikwama chawo chosamasula. Mabuku anga onse afufuma ngati buledi, kuphatikizapo kope limene ndinkalembamo malikisi anu muli ana. Kalata yako ya pa 13 inafika pa 17, basi itakhala masiku atatu kutsidya kwa mlatho umene madzi anaukokolola.

Manambala ako anali olondola, ndipo kawerengedwe kanga kanali kolondola malinga ndi zimene ndinapatsidwa. Za phiri sunandilembere. Funso likaperekedwa loperewera, yankho likalakwika si mlandu wa woyankha. Ndakhumudwa nawe.

Za ulendo wa mlongo wako, iye ndi wamkulu, akudziwa yekha choyenera. Ine sindinamuletse.

Ine bambo ako

26 Novembala

Achemwali,

Muli bwanji? Amayi ali bwanji, akudya? Ndalemba kawiri, simunayankhe.

Pa 23 ndinakhala pa depoti mpaka basi yomaliza, poganiza kuti mwina mwapeza wosiyira. Pa 24 dzina lanu linaitanidwa katatu pakhonde la ofesi, ine ndikumva ndili m'chipinda choyandikana. Ndinapita kwa abwana kukapempha kuti akuoneni tsiku lina. Anati, "Chisoni ndamva, koma malamulo sindinalembe ndine. Abwere chaka chamawa." Nditawauza za zaka zanu anangotambasula manja. Atenga anthu anayi. Mmodzi mwa iwo wandifunsa lero chifukwa chake baluni imakula ikamakwera.

Ndikudziwa kuti mwandikwiyira, ndipo mukuyenera. Mlandu ndi wanga. Ndinali ndi liwu limodzi m'kamwa, ndinalisunga masiku asanu ndi anayi. Kalata ya bambo ndaiwerenga, sindiwatsutsa. Ndapempha tchuthi, andipatsa mu Febuluwale chifukwa ino ndi nyengo ya ntchito. Nditukwaneni papepala, achemwali, kusiyana ndi kukhala chete chonchi.

Ine mlongo wanu

21 Januwale

Chibaluni,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Amayi anatuluka m'chipatala kumapeto kwa Disembala. Akupuma ngati chitseko cha dzimbiri, koma alipo. Denga linatha, silidontha ngakhale dontho, mabeseni asanu ndi awiri aja asowa ntchito. Azakhali anabwera kudzaliona, akuti nyumba yakongola. Koma tsopano amayi afunika kutembenuzidwa maola atatu alionse, ndipo azakhali akuti, "Imeneyo ndi ntchito ya mwana wawo, ine msana ndilibe." Dzana ndakwanitsa makumi atatu. Bambo anandipatsa buku la Fizikisi limene linauma bwino kuposa anzake.

Makalata ako onse asanu ndinalandira. Bambo akukankhira mlandu kwa iwe, iwe ukuulandira ndi manja awiri. Nonse mukundiseketsa. Ngakhale pogawana mlandu simukundiwerengera.

Tamva tsono. Manambala ako a pa 4 ndinawawerenga bambo atagona masana. Sindinasowe kalata yachiwiri kuti ndidziwe tanthauzo la nambala yokwera tsiku ndi tsiku pansi pa chivindikiro. Madzi a m'ketulo ndimawiritsa ndine m'nyumba muno. Phiri ndimaliona ndikamayanika zofunda za amayi, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi ndaona pamene mtambo woyamba umaima. M'mawa wa pa 13 mchere unali utanyowa m'botolo, machesi akukana kuyaka, timitambo titaima ngati tinsanja 7 koloko isanakwane. Kalipentala anafika pansi pa makwerero hamala ili m'manja, anayang'ana ngati bambo ali pafupi, n'kundinong'oneza kuti, "Achemwali, kumwambaku mukukuona? Aphunzitsi ndawamva, koma inu mukuti bwanji?"

Ameneyo ndiye munthu woyamba kundifunsa maganizo pakhomo pano. Ndinawerenga masiku m'mutu. Tikadikira, mvula ikhazikika, denga silitha, azakhali sabwera, basi ya pa 23 ipita. Ndinati, "Kwerani, makwerero ndagwira."

Ndiye liwu limodzi lija sindinkalifuna kuti ndidziwe. Ndinkadziwa. Ndinkafuna wina anene inde, kuti tsoka likadzagwa lisadzakhale langa.

Pamene malata ankauluka ndinagona pamwamba pa amayi ndi pulasitiki ya patebulo, matalala akundimenya kumsana. Bambo anali atakumbatira mabuku pakona. Amayi, amene liwu limodzi limawatengera mphindi yathunthu, anandifunsa kukhutu kuti, "Upitabe?" Ndinakokera pulasitiki kumutu kwawo, ndipo sanafunsenso. Pa 24, nthawi imene unkamva dzina langa pakhonde, ine ndinali pamzere wa pampopi wa kuchipatala ndi ndowa ya zovala zawo.

Walira mvula walira matope, ndikudziwa, usandikumbutse. Koma mkwiyo ndili nawo, wochuluka, ndipo ndikusowa pouika. Iwe wamantha, bambo onyada, ine wadyera, koma wovumbwa anali amayi. Diresi lija ndinalidula, ndinasokera amayi mapilo awiri otsamiritsa msana.

Mu Febuluwale ubwere udzawaone, amafunsa za iwe. Undiuze tsiku kuti ndiyanike matiresi. Fomu ina usadzabweretse, ndipo manambala usatumizenso kuno.

Unalemba kuti ukhulupirira mwala uja ulipobe. Bambo amati mwala sutaya kanthu podikira. Dzulo ndinapita kuseri kwa khitchini kukataya phulusa. Khoma lija mvula yakhala ikulinyambita kuyambira Novembala, lasungunuka pang'onopang'ono, patsala mulu wa dothi. Mwala uli pansi. Palibe anaukankha, palibe anaumva ukugwa, sunaswe ngakhale chigoba cha nkhono. Unangotsika nalo khoma. Ndautola, ndatsamiritsa chitseko cha chipinda cha amayi kuti chisamatsekeke, ndizimva akandiitana.

Ine mlongo wako